Mayi amene ananyamula makatoni a mabuku zaka 15

Ndimagwira ntchito pa kashopu kochita fotokope ndi kusindikiza timapepala. Tsiku langa limathera pa makadi a ukwati, mapulogalamu a maliro, makalata ofunsira ntchito ndi zolemba za ana a ku yunivesite zimene timazimanga ndi chikuto cha buluu. Kulemera kwa katoni ya mapepala ndimakudziwa chifukwa ndimaitsitsa ndekha pa kabaza. Ndimadziwanso fungo la makina akatentha, ndi mmene mtima umawawira magetsi akathima uli pakati pa pulogalamu ya maliro, anamfedwa atakhala pa benchi kukudikira.

Tsiku lina chakumasana kunalowa mtsikana wa ku yunivesite, buku lili m'jumbo. "Achemwali, mundichitireko fotokope masamba ndapindawa, koma chonde mosamala, bukuli n'la aphunzitsi athu ndipo likuthothoka." Linalidi lokalamba. Mapepala ake anali atafiira ngati fodya wa m'chigafa, msana wake utasweka pakati. Dzina lake linali Home Girls, ndipo amene anasonkhanitsa zolembedwamo anali Barbara Smith. Ife a ntchito imeneyi tili ndi chizolowezi chimodzi: tisanawerenge nkhani timayamba tayang'ana amene anasindikiza. Nditatsegula tsamba lachiwiri ndinapeza dzina limene ndinali ndisanalionepo pa buku lina lililonse, Kitchen Table: Women of Color Press. Kumasulira kwake ndi tebulo la m'khitchini, malo osindikizira mabuku a amayi amene si azungu. Keyala yake sinali ya nyumba yosanja pa msewu wotchuka ayi. Linali bokosi chabe la ku positi ofesi ku Latham, m'chigawo cha New York.

Ndinamupempha mtsikanayo kuti andisiyire bukulo mpaka Lolemba ndilimate msana. Ndinalimata, ndinaliwerenganso. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikufufuza za mayi ameneyu nthawi imene makina apuma, ndipo pali chinthu china cha m'banja mwathu chimene moyo wake wandikumbutsa, chimene ndinkafuna chiiwalike.

Barbara Smith anabadwa mu 1946 mumzinda wa Cleveland, ku Ohio, ali mapasa ndi Beverly. Anabadwa masiku asanakwane. Banja lawo linachokera ku Georgia, kum'mwera kwa America, limodzi ndi anthu akuda miyandamiyanda amene ankathawa tsankho ndi umphawi wa m'minda ya azungu kupita kumizinda ya kumpoto. Mayi awo anali oyamba m'banjamo kumaliza koleji, koma ntchito zimene anazipeza ku Cleveland zinali za m'sitolo ndi zothandiza anamwino. Anamwalira mu 1956 ndi matenda a mtima, mapasawo ali ndi zaka 9. Amene anawalera anali agogo awo aakazi, mchemwali wa mayi awo, ndi achemwali a agogowo. Inali nyumba ya akazi, ena mwa iwo ogwira ntchito m'nyumba za azungu, koma onse ouma pa nkhani imodzi: ana awa aphunzire basi. M'mawu oyamba a buku lija mayi Smith akunena poyera kuti za ufulu wa amayi sanazitole ku koleji, anaziona mwa amayi amenewa, m'kudzuka kwawo mbandakucha ndi m'kusagonja kwawo.

Zimenezo ndinazimva msanga. Ndani mwa ife amene sadziwa nyumba yoimikidwa ndi agogo aakazi?

Ali ku sekondale, Barbara ndi Beverly analowa nawo m'zionetsero zofuna kuti ana akuda ndi achizungu aziphunzira m'sukulu zimodzi ku Cleveland. Sanali masewera. Mu 1964 m'busa wachizungu, Bruce Klunder, anapondedwa ndi chigalimoto chokumba nthaka mpaka kufa pamene ankatsekereza ntchito yomanga sukulu imene ikanapitiriza tsankholo. Barbara anapita ku Mount Holyoke College, sukulu ya atsikana imene akuda anali owerengeka, n'kumaliza mu 1969. Digiri yachiwiri ya zolembalemba anaitenga ku University of Pittsburgh mu 1971. Pa zaka zonsezi anaona kuti mabuku amene ankapatsidwa m'kalasi anali olembedwa ndi azungu, ndipo akapezeka wakuda anali mwamuna. Mkazi wakuda wolemba mabuku ankangokhala ngati sanabadwe.

Ndiye panali vuto lina. M'magulu omenyera ufulu wa anthu akuda, amuna ndiwo ankalankhula, akazi n'kumataipa makalata ndi kuphika tiyi, ndipo wonena za nkhanza za m'banja ankamuti akugawanitsa mtundu. M'magulu omenyera ufulu wa amayi, otsogolera anali azungu ophunzira, amene sankaona kuti mkazi wakuda wowakolopera m'nyumba ali ndi mavuto osiyana ndi awo. Ndipo konse kuwiriko mkazi wokonda mkazi mnzake ankauzidwa kuti zimenezo azisiye pakhomo asanalowe. Barbara anali wakuda, anali mkazi, anali wochokera m'banja la anthu ogwira ntchito zamanja, analinso wokonda akazi anzake. Khomo lililonse linkafuna chidutswa chimodzi cha iye, osati yense.

Mu 1973 anapita ku msonkhano wa bungwe la amayi akuda omenyera ufulu wawo lotchedwa National Black Feminist Organization ku New York. Atabwerera ku Boston, iye, Beverly, Demita Frazier ndi amayi ena ochepa anayamba kukumana mu 1974, ndipo kagulu kawo kanadzatchedwa Combahee River Collective. Dzinali analisankha ndi Barbara, ndipo limandisangalatsa kuti sanatchule gululo dzina la munthu koma la chinthu chimene chinachitika. Combahee ndi mtsinje wa ku South Carolina. Mu June 1863, nkhondo yapachiweniweni ili mkati, Harriet Tubman, mayi amene anathawa ukapolo n'kumabwereranso kukatenga ena, anatsogolera asilikali akuda pa sitima za pamadzi usiku kukwera mtsinjewo. Kutacha, akapolo oposa 700 a m'minda ya mpunga anali atakwera m'sitimazo, ena atasenza miphika, ena ana kumsana. Amayi a ku Boston aja ankafuna kuti aliyense wofunsa tanthauzo la dzina lawo amve nkhani imeneyi.

Boston wa masiku amenewo anali mzinda wotentha. Mu 1974 khoti litalamula kuti ana azinyamulidwa pa mabasi kuti sukulu zisakanikirane, azungu ankagenda mabasi a ana akuda. Kagulu ka Combahee kanalibe ofesi kapena ndalama za mabungwe akunja. Kankathandiza amayi omenyedwa ndi amuna awo, kankalimbana ndi mchitidwe wotseka amayi osauka mabereko osawauza, ndipo kanaima ndi Kenneth Edelin, dokotala wakuda amene anaimbidwa mlandu wopha munthu chifukwa chothandiza mtsikana kuchotsa pakati lamulo litalola kale.

Mu April 1977 Barbara, Beverly ndi Demita Frazier analemba chikalata chofotokoza chimene gulu lawo limakhulupirira. N'chachifupi, mutha kuchimaliza nsima isanapse, koma mpaka lero chimawerengedwa m'masukulu a m'maiko ambiri. Mfundo yake ndi yakuti tsankho la khungu, kupondereza akazi, kudyera masuku pamutu osauka ndi kudana ndi okonda anzawo ofanana nawo ziwalo, zonsezi n'zolukanalukana ngati mphasa. Mkazi wakuda wosauka sakumana nazo imodziimodzi, lero iyi mawa iyo, zimamugwera pamodzi. Ananenanso kuti mkazi wakuda atamasuka ndiye kuti aliyense wamasuka, chifukwa kuti iye amasuke pafunika kugwetsa mitundu yonse ya chipsinjo. M'chikalata chimenechi ndi mmene munatuluka mawu akuti identity politics, amene lero Amereka amatukwanirana nawo pa wailesi. Mayi Smith akhala akubwereza kwa zaka zambiri kuti iwo sankatanthauza kuti aliyense adzitsekere m'khola la mtundu wake. Ankatanthauza kuti munthu ali ndi ufulu woyambira ndale zake pa zimene zikumupweteka iye mwini. Chikalatacho chikukana poyera maganizo akuti akazi apatukane ndi amuna. Chikuti amuna akuda ndi abale athu, tidzalimbana nawo limodzi tsankho la azungu, ndipo tidzalimbana nawonso iwowo pa nkhani ya kupondereza akazi.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri, ine wa makina osindikizira, ndi zimene zinachitika mu 1979. Kuyambira January mpaka May chaka chimenecho, akazi akuda 12 anaphedwa ku Boston, ambiri m'madera oyandikana a Roxbury, Dorchester ndi South End. Mitembo ya awiri oyamba inapezeka itatayidwa m'matumba. Nyuzipepala zikuluzikulu zinaika nkhaniyo mkatikati ngati kankhani wamba, ndipo apolisi ankalankhula ngati kuti atsikanawo anaziputa okha. Anthu atachita mwambo wokumbukira ophedwawo, ambiri mwa olankhula anali amuna, ndipo uphungu wawo unali wakuti akazi azikhala m'nyumba kapena aziyenda ndi mwamuna wowateteza. Ankanena za tsankho la khungu lokha, osatchula kuti onse ophedwawo anali akazi. Barbara anabwerera kunyumba mtima ukutukutira n'kuyamba kulemba kapepala kofunsa kuti akazi akuda asanu ndi mmodzi amenewa afera chiyani.

Kapepalako kanafotokoza kuti akaziwo anaphedwa chifukwa anali akuda komanso chifukwa anali akazi. Kanalemba njira zodzitetezera, ndi maina a mabungwe kumene mkazi angathawire. Kanasindikizidwa m'Chingerezi ndi m'Chisipanishi, n'kugawidwa zikwizikwi m'misewu ndi m'makomo. Koma nthawi iliyonse akabwerera kwa wosindikiza kuti awonjezere, nambala ya pa mutu inkakhala itasintha. Inayamba 6, kenako 8, kenako 11, mpaka 12. Ndimadziwa mmene zimakhalira kasitomala akabwerera kudzati sinthani pakutipakuti. Kawirikawiri limakhala tsiku la ukwati kapena dzina la mbusa. Ndayesa kuganiza munthu ataima pa makina, akuchotsa nambala imodzi kuika ina, akudziwa kuti kusiyana kwa ziwirizo ndi mwana wa munthu.

Kulemba anali akulemba kale. Mu 1977 anatulutsa nkhani yotchedwa Toward a Black Feminist Criticism m'magazini ya Conditions, yonena kuti akazi akuda ali ndi mwambo wawowawo wa zolembalemba umene akatswiri ankaunyalanyaza, ndi kuti akazi akuda okonda akazi anzawo ndiwo anafufutidwiratu. Mu 1982, pamodzi ndi Gloria Hull ndi Patricia Bell Scott, anatulutsa buku lothandiza aphunzitsi kuyambitsa maphunziro a za akazi akuda, limene mutu wake umanena kuti akati akazi amatanthauza azungu, akati akuda amatanthauza amuna, koma enafe ndife olimba mtima. Vuto linali lakuti buku lililonse linkadalira chifundo cha wina. Makampani akuluakulu a ku New York ankati mabuku otere alibe msika. Makampani ang'onoang'ono a amayi achizungu ankalandira limodzi kapena awiri, koma chiganizo chomaliza chinali chawo. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa.

Chakumapeto kwa 1980 mlakatuli Audre Lorde, amene anali bwenzi lake ndiponso wamkulu kwa iye, anamuuza pa foni kuti pa nkhani yosindikiza mabukuyi pafunika achitepo kanthu. Barbara anaitana amayi angapo kuti akumane ku Boston. Chaka chotsatira ntchito inakhazikika ku New York, ndipo mwa oyambitsa munali Cherríe Moraga ndi Hattie Gossett. Anagwirizana kuti sadzasindikiza za akazi akuda okha, koma za amayi onse amene si azungu: a ku Latin America, a ku Asia, eni nthaka a ku America, okonda amuna ndi okonda akazi omwe. Dzina lija analisankha chifukwa khitchini ndiyo mtima wa nyumba, kumene akazi amagwira ntchito ndi kuuzana zakukhosi, ndiponso pofuna kusonyeza kuti iwo analibe chuma cha makolo choyambira bizinesi.

Kwathu kumudzi khitchini ilibe tebulo. Ili ndi mafuwa atatu, kampando ndi utsi. Koma tanthauzo lake sindinafune wondimasulira. Nkhani zimene sizifika pabwalo la amfumu zimakambidwa kumeneko, mthiko ukutakasa. Amayi anga aakulu anali ndi kope limene ankalembamo nyimbo zimene ankapeka okha ndi nthano za agogo awo. Atamwalira, kopelo linatha tsamba limodzilimodzi, ena kukulungira zitumbuwa, ena kuyatsira moto. Panalibe woipa mtima. Panalibe chabe munthu woganiza kuti zolemba za mayi wa kumudzi ndi zoyenera kusungidwa.

Mu 1983 Kitchen Table inatulutsa Home Girls, ndi Cuentos, nthano za amayi a ku Latin America. Chaka chomwecho inapulumutsa This Bridge Called My Back, buku la Cherríe Moraga ndi Gloria Anzaldúa, limene kampani yoyamba kulisindikiza inagwa. Bukuli linalandira mphoto ya American Book Award mu 1986, ndipo linakhala msana wa kampaniyo. Anasindikiza ndakatulo za Mila Aguilar wa ku Philippines ali m'ndende ya boma la Marcos. Anasindikiza Mitsuye Yamada ndi Hisaye Yamamoto, amayi a mtundu wa ku Japan amene boma la America linawatsekera m'misasa pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Anatulutsanso timabuku totchipa toti munthu wamba agule, ndipo kena mwa ito kanali ka Audre Lorde kotchedwa Apartheid U.S.A., kolumikiza zimene zinkachitika ku South Africa ndi zimene anthu akuda ankakumana nazo ku America komweko.

Maina onsewa ndi okoma kuwerenga. Koma amene wagwirapo ntchito imeneyi amadziwa kuti buku silithera pa kulembedwa. Pamafunika wowerenga mzere ndi mzere kusaka zolakwika. Pamafunika wokambirana mtengo ndi eni makina, wopeza ndalama zolipira buku lisanagulidwe n'limodzi lomwe, wosunga makatoni pouma, womata maenivelopu, woima pa mzere ku positi ofesi, wolemba makalata okumbutsa eni masitolo amene anatenga mabuku pa ngongole n'kungoti zii. Poyamba onse ankagwira mongodzipereka. Koma anthu amatopa, ena amapeza ntchito kwina, ena amadwala. Katundu wambiri anatsalira Barbara. Mu 1984 anasamukira ku Albany, ndipo kampaniyo inamutsatira, n'chifukwa chake keyala ija inali ya ku Latham, tauni yoyandikana nayo. Ankayenda m'misonkhano ndi m'makoleji kukalankhula, makatoni a mabuku ali nawo, n'kuyala tebulo kumbuyo kwa holo. Amayi a Kitchen Table sankadikira kuti owerenga awapeze m'sitolo za mabuku. Ankapita kumene kuli anthu awo.

Anachita zimenezi mpaka 1995. Zaka 15. Anali munthu wophunzira amene akanatha kumaliza digiri ya udokotala, kukhala pulofesa wa malipiro abwino ndi penshoni, n'kumalemba mabuku ake. M'malo mwake zaka zake zamphamvu zinathera pa mabuku a anthu ena, alibe malipiro odalirika. Buku la nkhani zake yekha, The Truth That Never Hurts, linatuluka mu 1998, ali ndi zaka zoposa 50, atatula kale katunduyo. Audre Lorde anamwalira ndi khansa mu 1992, ndipo Barbara atachoka, kampaniyo sinakhalitse, inatsekedwa. Ena akhoza kunena kuti inalephera. Ine sindikuvomereza. Buku limene linasindikizidwa ndi amayi opanda ofesi linaoloka nyanja, linadutsa m'manja osawerengeka, mpaka linafika pa kashopu kanga msana utasweka chifukwa chowerengedwa.

Tsopano ndifike pamene ena mwa inu mwakhala mukutsinya nkhope kuyambira poyamba. Ndikudziwa kuti pali owerenga amene akanakonda ndikanalemba za mayi wakuda wolimba mtima wosindikiza mabuku, n'kusiya zoti ndi wokonda akazi anzake. Nanenso ndinaganizapo zotero, kuopa zonenedwa. Koma ndikanachita zimenezo ndikanamuchita chinthu chomwecho chimene wakhala akuchikana moyo wake wonse. Iye sanabise. Analemba dzina lake lenileni pansi pa nkhani zonena za moyo wake pa nthawi imene zimenezo zinkachotsetsa munthu ntchito, ndipo anthu akuda anzake ena anamunena kuti watengera za azungu, mawu omwewo amene timawamva kuno. Yankho lake linali lakuti iye ndi mwana wa pakhomo pomwepo, woleredwa ndi agogo omwewo, woimba nyimbo zomwezo. Mutu wa buku lija umatanthauza atsikana akwathu.

Kuno kwathu nkhaniyi si yapatali. Kuyambira 2011 malamulo a dziko lino la Malawi amalola kumanga mkazi mpaka zaka zisanu chifukwa chogonana ndi mkazi mnzake, ndipo mu June 2024 khoti linagamula kuti malamulo oletsa kugonana kwa amuna kapena akazi okhaokha akhalebe. Sindikufuna kutsutsana ndi wina za chikhulupiriro chake. Nanenso ndimapemphera. Ndingofuna kunena zimene ndinachita ndi manja angawa.

Ndili ndi msuweni amene amakhala ku Johannesburg. Tinakulira limodzi, tinkagona mphasa imodzi kwa agogo pa holide. Kwa zaka zambiri wakhala ndi mkazi mnzake, ndipo kumudzi amangoti mnzake wogawana naye lendi, ngakhale aliyense akudziwa. Agogo athu atamwalira, ndalama zoyamba kufika zinali zake. Bokosi linagulidwa ndi iye, matumba a chimanga ndi iye, galimoto yonyamula thupi ndi iye. Pulogalamu ya maliro inagwera ine, poti makina ndili nawo. Ndinataipa maina a ana ndi adzukulu onse motsatira kubadwa. Madzulo malume anabwera kudzaona. Anaika chala pa kompyuta pamene panali dzina la msuweni wanga.

"Ili lichotse."

"Malume, koma ndi amene agula bokosi."

"Ndalama talandira, tathokoza. Koma a mpingo awerenga pepalali. Usatichititse manyazi pa maliro a mayi anga."

Ndinalichotsa. Sizinatenge ngakhale mphindi. Mzere wapansi unakwera n'kutseka mpatawo, pepala n'kuoneka ngati panalibepo chilichonse. Ndinasindikiza makope 150, ndinawapinda, ndinawagawa ndekha pakhomo la tchalitchi. Wina anajambula pulogalamuyo n'kuitumiza pa gulu la banja pa WhatsApp, pamene msuweni wanga analiponso. Sananene kanthu. Patatha sabata anatuluka pagulupo.

Powerenga za mayi Smith ndinazindikira chimene ndinali tsiku limenelo. Ndinkadziyesa wotaipa chabe, wotumidwa. Koma amene wakhala pa makina ndiye amasankha dzina lolowa pa pepala ndi lotsala kunja, kaya ndi kampani yaikulu ya ku New York kaya ndi kashopu ka chipinda chimodzi. Amayi a Kitchen Table anamvetsa zimenezi, ndipo anavomera umphawi ndi kutopa kuti mphamvu imeneyo ikhale m'manja mwawo. Ine ndinali nayo kale m'manja, ndinaigwiritsa ntchito kufufuta mwana wa azakhali anga.

Chimene ndimawalemekezera mayi Smith n'chakuti sanasiye mbali ina ya anthu awo pofuna kukondweretsa ina. Monga ankadzudzula anthu akuda odana ndi okonda anzawo ofanana nawo ziwalo, ankadzudzulanso mabungwe akuluakulu a anthu oterewa ku America, amene atsogoleri ake anali azungu opeza bwino. Mu 1993 analemba m'magazini ya The Nation kufunsa kumene kunapita maloto osintha dziko, poona kuti mabungwewo ankangofuna kuloledwa m'gulu la asilikali ndi kulandiridwa ndi olemera. Mu 2019 analembanso mu The New York Times kufotokoza chifukwa chake anachoka m'magulu amenewo: ukwati wovomerezeka ndi boma suthandiza mokwanira munthu amene alibe pogona, alibe ntchito, kapena akuphedwa mumsewu chifukwa ndi wakuda.

Ndipo atakula sanakhale pansi kumadya ulemu. Mu 2005 dzina lawo linali m'gulu la amayi 1,000 a padziko lonse amene anaperekedwa pamodzi kuti aganiziridwe pa mphoto ya mtendere ya Nobel. Chaka chomwecho anapikisana pa chisankho cha khansala mumzinda wa Albany n'kupambana, ndipo anatumikira wodi yawo kuyambira 2006 mpaka 2013. Taganizani, munthu amene zolemba zake zimaphunzitsidwa m'mayunivesite atakhala pa misonkhano yokamba za nyumba zogumuka, masukulu a ana osauka ndi anyamata owomberana mfuti. Anathandiza kubweretsa mumzindawo ntchito yotchedwa SNUG, imene imatuma anthu a m'dera lomwelo kukaziziritsa mikangano mfuti isanalire. Kwa ine ndi ntchito yomweyo ya makatoni ija, yosaoneka, yobwerezabwereza, imene wina ayenera kuigwira.

Chikalata cha Combahee chija chinadzukanso achinyamata a Black Lives Matter, gulu lotsutsa kuphedwa kwa anthu akuda ndi apolisi ku America, atayamba kudzaza misewu. Mu 2017, chitakwanitsa zaka 40, wolemba mabuku wina wakuda, Keeanga-Yamahtta Taylor, anachisindikizanso m'buku limene anachezamo ndi Barbara, Beverly ndi Demita Frazier. Atsikana amene anali asanabadwe pamene chinkalembedwa anachinyamula ngati chawo.

Lolemba lija mtsikana wa ku yunivesite anabwera kudzatenga buku lake. Ndinali nditalimata ndi guluu, n'kuika tepi ya nsalu pa msana, n'kulipsinja usiku wonse pansi pa katoni ya mapepala. Analitembenuza uku ndi uku n'kufunsa mtengo. Ndinamuuza kuti alipire za fotokope zokha.

Atachoka ndinatsegula kompyuta. Mapulogalamu a maliro sindifufuta, chifukwa anthu amabweranso pa nthawi yomanga chiliza. Ya agogo inali pomwepo. Ndinapita pa mzere wa adzukulu, pakati pa dzina la mkulu wake ndi langa, n'kutaipa dzina la msuweni wanga lonse monga analitchulira agogo. Ndinasindikiza kope limodzi pa pepala lolimba lija timasungira makadi a ukwati, ndinalijambula ndi foni n'kumutumizira, ndi mawu akuti anachotsa dzinali ndine, ndipo ndinalakwa.

Uthengawo anauwerenga usiku womwewo. Anayankha patatha masiku atatu, kundifunsa ngati mtengo wa mango wa kuseri kwa khitchini ya agogo ukadalipo. Ndinamuuza kuti ulipo, ndipo chaka chino wabereka kwambiri. Chiliza cha agogo tikumanga mvula ikatha, ndipo malume anena kale kuti pulogalamu ndidzataipe ndine.